Galimoto yatsopano nayo amanenerera: zoyenera kudziwa wageni wa ku Usisya asanalipire

Padoko la Usisya palibe amene amagula ndowa ya usipa pa mtengo woyamba. Msodzi amatchula wake, wooda amapukusa mutu, amagwiragwira nsombazo, amakasuzumira m'boti lina, kenaka awiriwo amakumana pakati. Anthu a m'mbali mwa nyanja amakula nalo luso limeneli. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo, geni ikamuyendera mpaka kufika pofuna galimoto yatsopano, akangolowa m'nyumba ya magalasi ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, malovu amamuuma. Akampatsa pepala lodindidwa bwino, amatenga mtengo uli pamenepo ngati lamulo la boma.

Pepala limenelo ndi poyambira chabe. Galimoto yatsopano nayo amanenerera, kungoti kanenereredwe kake n'kosiyana ndi kapadoko. Pamtengo wake pali zigawo zimene wogulitsa sangazisunthe ngakhale atafuna, ndipo pali zina zimene angazisunthe ngati wogula akudziwa pokankha. Amene sadziwa kusiyana kwa ziwirizi amataya tsiku lonse akulimbana ndi khoma, khomo lili pambali.

Ogula galimoto yosayendapo m'dera la Usisya ndi ochepa: eni zilimira ndi maboti a injini, ooda nsomba otumiza m'matauni, eni magolosale akuluakulu, obwera ku Joni atasunga kwa zaka, ndi magulu osonkherana ndalama. Koma zimene zili pano zimagwiranso ntchito pogula injini ya boti, njinga yamoto, chigayo kapena firiji ya sola. Katundu aliyense wobwera ndi dola, wolipitsidwa msonkho pachipata komanso wofuna sevisi, amagulidwa ndi nzeru zofanana.

Msewu uyambe wasankha

Usisya ili kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, m'dera la Mfumu Yaikulu M'bwana, pansi pa mapiri otsetserekera kunyanja. Njira zofikirako n'ziwiri. Yoyamba ndi yapamadzi, pa sitima ya Ilala kapena maboti. Yachiwiri ndi msewu wafumbi wochokera ku Mzuzu kudzera ku Choma, womwe umatsika phiri mokhotakhota. Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo m'dzinja msewuwu umaterera moti madalaivala ozolowera nawonso amatsika akupemphera.

Wamalonda wa ku Chintheche kapena ku Kande ali pa msewu wa tala wa M5, ndipo wa ku Mpamba ali pa tala wa pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay. Amenewa angathe kuyenda ndi galimoto yokoka ndi matayala awiri. Wa ku Usisya afunika yokoka ndi matayala onse anayi, yokhala ndi giya ya low range yotsikira ndi kukwerera phiri, yotalikira pansi, ya matayala ochindikala. Galimoto yapamwamba ya m'tauni, ya mipando yachikopa ndi matayala opyapyala pa malimu akuluakulu, ikakumana ndi mwala woyamba imasanduka chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kusankhaku ndi mbali ya kunenerera. Galimoto ya mtundu umodzi imabwera m'magiredi angapo. Toyota Hilux, mwachitsanzo, ilipo ya kabu imodzi ndi ya makabu awiri, ya injini ya dizilo ya malita 2.4 ndi ya 2.8, yamagiya osintha ndi dzanja ndi yosintha yokha. Giredi ikamakwera, zambiri zimene zimaonjezeka ndi zokometsera: sikirini, zikopa, magetsi owala, zitsulo zonyezimira. Ntchito ya wogulitsa ndi kukweza wogula kuchoka pa giredi imene wabwerera kupita pa ina yodula. Wogula amene walemberatu papepala kuti akufuna kunyamula matumba angati, anthu angati, pa msewu uti, savuta kumubweza pa mfundo yake. Ya kabu imodzi ili ndi malo aakulu a katundu kuposa ya makabu awiri, ndipo kwa wooda usipa malo amenewo ndiwo ndalama.

Zili m'kati mwa mtengo

M'Malawi mulibe fakitale yopanga galimoto zoterezi. Hilux ndi Fortuner za m'chigawo chino cha Africa zambiri zimapangidwa ku Durban, Ford Ranger ku Pretoria, Isuzu D-Max ku Gqeberha, m'dziko la South Africa, pomwe Land Cruiser ndi Prado zimachokera ku Japan. Choncho mtengo umene wogula amaona uli ndi zigawo zinayi: ndalama yakunja yogulira galimotoyo kufakitale, ndalama yoinyamulira kudzafika kuno, misonkho ya bungwe la MRA, ndi phindu la kampani yogulitsa.

Misonkho ilipo itatu ikuluikulu: wolowetsera katundu m'dziko, wa excise, ndi wa VAT, womwe kwa zaka zambiri udali pa 16.5 peresenti. Pa galimoto zonyamula anthu, excise imatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo, n'chifukwa chake ya injini yaikulu imalumpha mtengo kwambiri. Zonyamula katundu zili m'gulu lakelake pa ndondomeko ya msonkho. Izi wogulitsa sangachotsepo ngakhale tambala. Kumuchonderera kuti atsitse msonkho n'kutaya mawu.

Pokankha ndi pa chigawo chachinayi ndi zonse zozungulira: phindu la kampani, zipangizo zoonjezera, sevisi, kubweretsa galimoto pafupi, mtengo wa galimoto yakale ngati pali kusinthanitsa, ndi chiwongoladzanja cha ngongole. N'chifukwa chake chinthu choyamba kupempha ndi kotesheni yolembedwa mzere ndi mzere, yoonetsa mtengo wa galimoto payokha, msonkho, kulembetsa ku ofesi ya Road Traffic, manambala, ndi china chilichonse mpaka galimotoyo itaima pamsewu ili yokonzeka. Mzere uliwonse wosamveka ufunsidwe tanthauzo lake. Safunsa adadya phula.

Kwacha ikhoza kudya zonse zimene wanenerera

Ngakhale mtengo ulembedwe m'makwacha, mtima wake uli pa dola. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idatsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Masamu ake ndi oziziritsa nkhongono. Galimoto ya madola 50,000, pa mtengo wakale wa dola inali K59 miliyoni. Kutacha inali K85 miliyoni. Kusiyana kwa K26 miliyoni kumeneku palibe mlomo wa wonenerera umene ungakubweze.

Choncho funso lofunika kuposa kuchotsera ndi ili: mtengo uwu ukhala mpaka liti, nanga kwacha ikagwa galimoto isanafike, aluze ndani? Kotesheni iliyonse imakhala ndi masiku ake, ndipo masiku ano amakhala ochepa. Wogula amene walipira dipoziti pa galimoto imene idakali panjira kapena kufakitale, popanda pepala lotseka mtengo, wasiya khomo lotsegula. Njira yabwino ndi kusankha galimoto imene ili kale m'bwalo la kampani, yolipiridwa kale msonkho, n'kulembetsa nambala yake ya chesisi pa pepala la mgwirizano. Ngati n'koyenera kuitanitsa, pepalalo linene tsiku lofika, linene ngati mtengo watsekedwa, ndipo linene kuti dipoziti ibwezedwa yonse ngati tsikulo ladutsa kapena mtengo wasintha. Mawu a pakamwa, ngakhale a munthu waulemu chotani, sathandiza tsiku la mkangano.

Makotesheni atatu m'thumba

Padoko wooda amakhala ndi mphamvu chifukwa maboti ndi ambiri. Pa galimoto zatsopano zinthu n'zosiyana pang'ono. M'Malawi mtundu uliwonse wa galimoto kawirikawiri umakhala ndi kampani imodzi yovomerezeka kuugulitsa, choncho nthambi ya ku Mzuzu ndi ya ku Lilongwe za kampani yomweyo sizingapikisane kwenikweni. Mpikisano weniweni uli pakati pa mitundu: Hilux, Ranger, D-Max, Navara ndi zina zofanana nazo.

Wogula atenge makotesheni osachepera atatu, a galimoto zofanana mphamvu ndi ntchito, onse olembedwa m'sabata imodzi kuti dola ikhale yofanana. Izi sizifuna kukwera phiri katatu. Foni ndi WhatsApp zimakwana, bola pepalalo libwere ndi chidindo ndi dzina la kampani. Chachinayi chikhale mtengo wa galimoto yoyendapo kale koma yabwino, yochokera ku South Africa kapena ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, msonkho wake utawerengedwa kale. Wogulitsa akaona kuti munthu akudziwa mitengo ya anzake, ndipo ali ndi kwina kolowera, mayankhulidwe ake amasintha.

Poyerekeza makotesheni, mtengo wotsika si ndiwo wopambana nthawi zonse. Kwa wa ku Usisya funso lalikulu n'lakuti galaja yovomerezeka ya galimotoyo ili kuti. Toyota ili ndi nthambi ku Mzuzu. Mtundu wina uliwonse ufunsidwe komwe sevisi yake imachitikira, komanso ngati mafyuluta, mabuleki ndi mashokabu ake amapezeka m'mashopu a ku Mzuzu. Galimoto yotchipirapo koma yofuna ulendo wa makilomita oposa 300 kupita ku Lilongwe nthawi iliyonse ya sevisi, imabweza kuchotserako pa mafuta ndi masiku otayika.

Kayankhulidwe ka m'shopu

Nkhani zitatu zikambidwe padera, motsatana. Yoyamba ndi mtengo wa galimoto yatsopano ngati munthu akulipira yonse. Yachiwiri, ikatha yoyamba, ndi mtengo wa galimoto yakale ngati akufuna kuisiya komweko. Yachitatu ndi ngongole. Zitatuzi zikasakanizidwa, n'kosavuta kupatsidwa ndi dzanja lamanja n'kulandidwa ndi lamanzere: kuchotseredwa K3 miliyoni pa yatsopano, yakale n'kuigula motsika ndi K4 miliyoni. Musanakambidwe za kusinthanitsa, mwini galimoto yakale ayambe wamva mitengo kwa ogula awiri kapena atatu a m'tauni.

Funso limene wogula ayenera kulizemba ndi lakuti angakwanitse kulipira zingati pamwezi. Akayankha, zokambirana zimachoka pa mtengo wonse n'kupita pa ndalama ya pamwezi, ndipo ndalama ya pamwezi imatsitsidwa mosavuta pongoonjezera zaka za ngongole. Yankho labwino ndi kubwerera ku funso lake: mtengo wonse mpaka pamsewu ndi zingati?

Wogula atchule mtengo wake uli ndi chifukwa. Kungoti "chotsaniko, bwana" sikusuntha munthu. Kunena kuti kampani ina yapereka galimoto yofanana pa mtengo wakuti, pepala lake ndi ili, ndipo akafika pamenepo ndalama ilowa sabata yomweyo, kumapatsa wogulitsa chokanena kwa abwana ake. Nthawi zambiri mnyamata kapena mayi wolandira makasitomala sakhala ndi mphamvu yochotsera zambiri. Mphamvuyo imakhala ndi mkulu woona za malonda, ndipo kupempha mwaulemu kuti nkhaniyo ikafike kwa iyeyo si chipongwe. Akatchula mtengo wake, wogula akhale chete. Ambiri amadziluzitsa okha poonjezera ndalama wogulitsa asanayankhe n'komwe.

Peresenti imaoneka yaing'ono m'kamwa koma ndi yaikulu m'thumba. Pa galimoto ya K100 miliyoni, kuchotsera 3 peresenti ndi K3 miliyoni. Wogula asandutse peresenti iliyonse kukhala makwacha, kenaka aiyerekeze ndi ndowa za usipa zimene ndalamayo ingaode.

Oyenda nawo asankhidwenso bwino. Makaniki wodalirika mmodzi ndi munthu mmodzi wodziwa kuwerenga mapepala a Chingerezi a mgwirizano akwanira. Gulu la abale lofika likusekerera, kujambulitsa pa galimoto ndi kuimbira foni kumudzi kuti zatheka, limauza wogulitsa kuti malonda atha kale. Pamenepo palibenso chifukwa chochotsera.

Banyira wa galimoto

Ndalama zakunja zikamasowa, galimoto zatsopano zimafika zochepa, ndipo makasitomala akuluakulu a makampaniwa ndi boma, mabungwe ndi makampani ogula zambiri nthawi imodzi. Munthu wogula imodzi asayembekeze kuchotseredwa gawo lalikulu. Koma monga wamsika amene wakana kutsitsa mtengo wa mulu wa tomato amaponyapo awiri a banyira, kampani nayo imapepukidwa kupereka katundu ndi ntchito kusiyana ndi kudula mtengo. Chipangizo chimene wogula angachipeze pa mtengo wa m'shopu, kampaniyo imachipeza pa mtengo wooda.

Banyira wofunika ndi wogwirizana ndi msewu ndi geni. Matayala oyenera matope ndi miyala m'malo mwa a pa tala. Tayala lachiwiri lapadera, popeza kuphulitsa awiri pa ulendo umodzi wa m'phiri si nkhani yachilendo. Chitsulo chotchinga pansi pa injini. Labala wokutira m'bodi, chifukwa madzi a nsomba ndi a ayisi amadyetsa dzimbiri. Zitsulo zam'mbali zomangirira matumba, tenti yotchingira mvula, ndi chokokera ngolo. Kuonjezera apo pali masevisi oyamba aulere, thanki yodzaza, ndalama yolembetsera, ndi kubweretsa galimotoyo ku Mzuzu. Chomalizachi si chaching'ono. Kuchokera ku Blantyre ndi makilomita oposa 600, kudutsa pa mageti olipiritsa a Chingeni ndi Kalinyeke, ndipo ngozi ya panjira imagwera amene galimotoyo ili m'manja mwake.

Zoonjezera zonse zimangidwe ndi kampani yomweyo ndipo zilembedwe pa invoisi. Chifukwa chake ndi waranti, lonjezo la kampani lokonza zowonongeka zochokera kufakitale kwa zaka kapena makilomita akutiakuti. Waranti imakhala ndi malamulo: sevisi pa nthawi yake, ku galaja yovomerezeka, osasintha zinthu mwachisawawa, osapyola muyezo wa katundu. Amene waonjezera masipuling'i kwa makaniki wa pansi pa mtengo kuti azinyamula matumba ambiri, angapeze kuti lonjezolo lafa. Wogula afunse mwachindunji ngati galimoto yoyenda msewu wafumbi imafuna sevisi pafupipafupi, ndipo apemphe mitengo ya masevisi atatu oyamba ilembedwe.

Nthawi yogulira

M'makampani ambiri ogulitsa amapatsidwa chiwerengero choti akwanitse pamwezi kapena pa miyezi itatu, choncho kumapeto kwa nyengo zimenezi makutu awo amamva msanga. Mpata wina umabwera mtundu watsopano ukamalowa. Land Cruiser 300 idalowa m'malo mwa 200 mu 2021, ndipo Prado yatsopano idayamba kugulitsidwa mu 2024. Nthawi ngati zimenezi, zotsala za mtundu wakale zimafunika kuchoka m'bwalo. Palinso galimoto yoonetsera, imene makasitomala amayesera. Imakhala yayenda makilomita ochepa ndipo iyenera kutsika mtengo, bola wogula adziwe tsiku limene waranti yake idayamba kuwerengedwa. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo misonkho imatha kusintha ndi bajeti, choncho wogula m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi atchere khutu ku Nyumba ya Malamulo.

Nthawi ya wogula mwiniyo ndi yofunikanso. Amene wadziikira tsiku, kuti Khirisimasi imupeze ali pa chiwongolero kapena kuti akafike nayo pa ukwati wa mphwake, wadzimanga yekha manja. Wogulitsa amanunkhiza changu ngati mmene wooda amaonera msodzi amene nsomba zake zayamba kufewa.

Ngongole sidziwa mwera

Ochepa ndi amene angalipire galimoto yatsopano nthawi imodzi. Ambiri amadzera kubanki, ndipo kumeneko kuli kunenerera kwachiwiri komwe anthu amakuiwala. Mu 2024 Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki pobwereketsa amaonjezera pawo molingana ndi mmene akumuonera wobwereka.

Masamu achitsanzo ali motere. Munthu akabwereka K60 miliyoni pa 30 peresenti kwa zaka zinayi, amalipira pafupifupi K2.16 miliyoni mwezi uliwonse, ndipo pomaliza amakhala atabweza pafupifupi K103.7 miliyoni. Chiwongoladzanja chokha chapitirira K43 miliyoni. Ngongole yomweyo pa 28 peresenti imabwezedwa pafupifupi K100.4 miliyoni. Mapointi awiri okhawo apulumutsa ndalama zoposa K3 miliyoni, zofanana ndi zimene munthu angalimbanire tsiku lonse m'shopu ya galimoto. N'chifukwa chake mabanki nawo afunsidwe awiri kapena atatu, osangotenga imene wogulitsa walozera. Afunsidwenso za ndalama yokonzera ngongole, chilango cha kubweza msanga, ndi chikole chimene akufuna.

Galimoto ya ngongole imafuna inshuwalansi yokwanira, yoteteza galimoto yomweyo, osati ya third party yokha imene lamulo limakakamiza aliyense. Inshuwalansi imeneyi imawerengedwa potengera mtengo wa galimoto ndipo imalipidwa chaka ndi chaka. Wogula anene zoona za ntchito ya galimotoyo. Amene walembetsa kuti ndi yoyendera banja koma akunyamula matola ndi katundu wa malonda, tsiku la ngozi kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira.

Chinanso ndi nyengo. Geni ya nsomba imayenda ndi nyanja. Miyezi yozizira mwera ukalimba, maboti amagona pamtunda masiku angapo motsatana. Mwezi ukawala, usodzi wa nyali umachepa. M'dzinja nsomba zimavuta kuuma ndipo msewu umatha kutseka. Banki imafuna ndalama yake pa tsiku lomwelo mwezi uliwonse. Wobwereka ayeze ngongole ndi mwezi wake woipitsitsa, asayeze ndi mwezi umene usipa udachita kutayika, ndipo akhale ndi ndalama ya miyezi itatu yosungidwa padera asanasaine.

Mapepala, madobadoba ndi kodandaula

Ndalama ilipidwe ku akaunti ya kubanki ya kampani, yolembedwa pa invoisi, osati ku nambala ya foni ya munthu, ndipo lisiti lovomerezeka ndi MRA litengedwe. Tsiku lolandira galimoto, makaniki afananize nambala ya chesisi ndi ya injini ndi zimene zili pa mapepala, aone makilomita, chaka chopangidwa, utoto, jeke, sipanala ndi makiyi onse awiri. Izi zichitike masana, asanasaine kuti walandira. Bulubuku ituluke m'dzina la wogula, kapena ngati ndi gulu, m'dzina la gululo monga lidalembetsedwera, osati la wapampando.

Pozungulira malonda aakulu sipasowa madobadoba. Wina amabwera ndi nkhani ya galimoto yapamwamba yotchipa chifukwa idalowa mosalipira msonkho m'dzina la munthu kapena bungwe lololedwa kutero. Galimoto yotero ikamagulitsidwa, MRA imayenera kuvomereza ndipo msonkho wotsala umayenera kulipidwa. Popanda kalata imeneyo, wogula angalandidwe galimoto ndalama zitapita kale. Obwera ku Joni ndi galimoto yawoyawo nawo afunse ku MRA asanainyamule, chifukwa pali ndondomeko ya a Malawi obwerera kwawo atakhalitsa kunja, ndipo ili ndi zoyenera kukwaniritsa zake.

Wogula akaona kuti wapatsidwa zosiyana ndi zimene adagwirizana, ali ndi kopita. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2003. Koma konseko chimene amayamba kufunsa ndi mapepala. Amene ali ndi kotesheni, mgwirizano, malisiti ndi mauthenga a pafoni amamveka msanga.

Mphamvu yotuluka pakhomo

Chida chachikulu cha wogula ndi kutha kuimirira, kuthokoza, kusiya nambala ya foni n'kutuluka. Kwa munthu wa ku Usisya izi n'zovuta, chifukwa ulendo wokha wadya ndalama ndi masiku, ndipo kubwerera chimanjamanja kumaoneka ngati manyazi. N'chifukwa chake zambiri zithe pafoni asananyamuke, ndipo ulendo wa m'tauni uphatikizidwe ndi geni ina, kukagulitsa nsomba kapena kukaoda katundu, kuti kubwerako wopanda galimoto kusakhale kuluza. Asananyamuke alembe malire ake papepala n'kuuza mnzake woyenda naye, kuti mtima ukatentha pakhale womukoka malaya. Kugona usiku umodzi asanasaine sikudaphepo malonda abwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malirewo amachokera ku mpamba. Galimoto yatsopano imayamba kutsika mtengo weniweni tsiku limene yatuluka pageti, ngakhale makwacha ake azioneka ngati akukwera chifukwa cha kugwa kwa ndalama. Imadya mafuta, matayala, sevisi, inshuwalansi, COF ndi malipiro a dalaivala, kaya yanyamula kaya sidanyamule. Wamalonda awerenge maulendo angati a ku Mzuzu pamwezi amene angalipire zonsezi pamodzi ndi ngongole, kenaka achotsepo masabata a mvula. Ngati chotsala sichikwana, ndiye kuti galimotoyo izidya mpamba wa nsomba, ndipo mwini wake adzakhala ndi chonyamulira chokongola chopanda chonyamula.

Masamu akakana, njira zina zilipo: giredi yotsikirapo ya galimoto yomweyo, yoyendapo kale yoyesedwa ndi makaniki, kusonkherana ndi anzake awiri pa mgwirizano wolembedwa, kapena kuonjezera injini ya boti n'kupitiriza kulipira matola kwa chaka china. Masamu akalola, wogula alowe m'shopumo ndi makotesheni ake atatu, kalata ya kubanki ndi makaniki wake, apereke moni mwaulemu, afunse mtengo wonse mpaka pamsewu, kenaka ayambe kunenerera mzere ndi mzere.